Ndili chiyasamire: za zipangizo zojambulira mano ndi nkhama

Ntchito yanga ndi yokonza zipangizo zachipatala, ndipo kwa zaka zingapo ndakhala ndikumasula makina ojambulira mano, kusintha zingwe zoduka mkati, ndi kuyeza ngati cheza cha X-ray chikutuluka pamlingo woyenera. Nthawi yonseyo ndinkaweruza chipangizo potengera chithunzi chimene chatulutsa. Muzu wa dzino ukaoneka bwinobwino mpaka kunsonga, ndinkalemba pafomu kuti zonse zili bwino, n'kulongedza zitsulo zanga, n'kumapita. Kaganizidwe kameneka kanasintha tsiku limene dzino langa lakumbuyo, lam'munsi cha kumanzere, linandigoneka pampando umene ndinkangoudziwa chakunsi kwake, kumene kumadutsa mawaya ndi mapaipi.

Mayi wothandizira dokotala anatenga sensa, kachipangizo kolandira cheza n'kutumiza chithunzi pakompyuta, n'kuiveka kathumba ka pulasitiki, n'kuilowetsa pakati pa lilime ndi mano. "Bambo, lumani pang'onopang'ono, ndipo musagwedezeke," anatero. Ndinaluma, ndipo ngodya ya sensayo inandibaya pansi pa lilime, pamene fupa la nsagwada laphimbidwa ndi kamnofu kopyapyala kwambiri. Msoko wa kathumba kaja unkakanda nkhama, chingwe chinkandiletsa kutseka milomo, malovu anadzaza m'kamwa, ndipo lilime, osandifunsa n'komwe, linaikankha sensayo pang'ono. Chithunzi chitatuluka pasikirini, nsonga ya muzu imene dokotala ankafuna kuona inali itadulidwa. "Pepani bambo, tibwerezanso." Zinatheka paulendo wachitatu, misozi italengeza m'maso mwanga. Chimene chinandichititsa manyazi n'chakuti sensa imeneyo ndinali nditaiyeza ndekha miyezi ingapo m'mbuyomo, n'kuilembera kuti ilibe vuto lililonse. Vuto la magetsi inalibedi, koma inandipatsa cheza katatu kuti pakhale chithunzi chimodzi.

M'kamwa ndi malo ovuta kujambulamo kuposa mmene munthu angaganizire ali patebulo lolembera mapulani. Ndi mwamdima, monyowa, mofunda ndiponso mothina. Munthu wamkulu akayasamula kwambiri, mpata wa pakati pa mano am'mwamba ndi am'munsi umangokwana zala zitatu, mamilimita 40 kapena 50 basi, ndipo mpatawo umanka nuchepa mukamalowera kumbuyo, kumene mano amawola kawirikawiri. Mpweya wochokera m'mapapo umachititsa nthunzi pagalasi lililonse lozizira, dzino lonyowa limanyezimira n'kubweza kuwala kwa kamera, ndipo chinthu chikakhudza kumbuyo kwa lilime kapena chakukhosi, thupi limafuna kusanza ngakhale mwini wake atalimba mtima chotani. Anthu ena ali ndi timafupa totumphuka mkati mwa nsagwada yam'munsi, ena pansi pa lilime lawo ndi posaya, ndipo mwana wa zaka zisanu sangapirire zimene amapirira munthu wamkulu. Tsopano ndimakhulupirira kuti wofuna kupanga chipangizo chosavuta kugwiritsa ntchito ayenera kuyambira pa zinthu zimenezi, pamodzi ndi dzanja lovala gulovesi limene lidzachigwire, ndipo nkhani ya kuwala kwa chithunzi ibwere pambuyo, chifukwa chithunzi chooneka bwino cha malo olakwika sichithandiza dokotala kapena wodwala.

Vutoli linabadwa pamodzi ndi X-ray yeniyeniyo. Wilhelm Röntgen anatulukira chezachi ku Würzburg mu November 1895, ndipo patangopita milungu yochepa, kuchiyambi kwa 1896, dokotala wa mano wa ku Braunschweig, Otto Walkhoff, anakulunga kagalasi kojambulira m'pepala ndi mphira, n'kukaika m'kamwa mwake momwe. Anakhala osasuntha kwa mphindi 25, ndipo ine amene ndinalephera masekondi ochepa ndimangopukusa mutu ndikaganizira. Ku New Orleans, C. Edmund Kells anayamba kujambula mano chaka chomwecho, koma popeza makina a nthawiyo ankasinthidwa mphamvu wojambula ataika dzanja lake kutsogolo kwa chubu chotulutsa cheza kuti aone ngati mafupa akuonekera, iye anadwala khansa imene inamudulitsa zala, kenako dzanja, pomaliza mkono wonse. William Rollins wa ku Boston anachenjeza mu 1901 kuti chezachi n'choopsa ndiponso kuti chubu chiziphimbidwa ndi mtovu, koma ambiri sanamumvere. Kells sanali munthu wosasamala. Ngoziyo inali m'kati mwa njira imene makinawo ankagwiritsidwira ntchito tsiku ndi tsiku.

Chinthu chimene ndimachilemekeza kwambiri m'mbiri yonseyi ndi kaphukusi ka filimu, kamene Eastman Kodak inayamba kugulitsa kokulungiratu mu 1913, ndipo kanapitiriza kukonzedwa pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Ka munthu wamkulu, kamene kamatchedwa saizi 2, ndi ka mamilimita pafupifupi 31 m'lifupi ndi 41 m'litali, ndipo kamapindika pang'ono kutsatira mmene m'kamwa mulili. Pangodya imodzi ya filimu pali kadontho kotumphuka kamene chala chimakamva ngakhale mumdima. Kadonthoka kamayang'ana kumene kukuchokera cheza, ndipo filimu ikatsukidwa kamauza dokotala ngati akuona mano akumanja kapena akumanzere. Kumbuyo kwa filimu kuli kapepala ka mtovu kotchinga cheza chobwerera, ndipo pa kamtovuko anadindapo timizere. Munthu akaika kaphukusi chotembenuza, chithunzi chimatuluka chotuwa, timizere tija tikuonekera ngati mmene tayala limasiyira chidindo pamchenga, moti aliyense amadziwa pompo chimene chalakwika popanda kutsegula buku la malangizo. Amene anaganiza zimenezi anavomereza kuti anthu otopa ndi ofulumira adzalakwitsa ndithu, choncho anakonza zoti kulakwitsako kuzidziulula kokha zinthu zisanafike poti dokotala abowole dzino la mbali ina.

Nzeru yofananayo ili pa zogwirira filimu. Kuti dzino lisaoneke lalitali kapena lalifupi kuposa mmene lilili, filimu iyenera kuima molingana ndi dzinolo, ndipo cheza chiyenera kuigunda molunjika. Kuchita zimenezi ndi diso lokha n'kovuta, chifukwa wojambula saona filimu imene ili kuseri kwa tsaya. Zogwirira za mtundu wa Rinn XCP zinathana ndi vutoli pogwiritsa ntchito kandodo kachitsulo ndi mphete: wodwala amaluma kapulasitiki kogwira filimu, kandodo kamatulukira kunja kwa milomo, ndipo mphete ya pa kandodoko imasonyeza pamene kamwa la chubu liyenera kukhala. Zidutswa zake n'zamitundu yosiyana, zabuluu za mano akutsogolo, zachikasu za akumbuyo, ndi zofiira za chithunzi choonetsa mano am'mwamba ndi am'munsi atalumana, chija anayambitsa Howard Raper cha m'ma 1925. Wophunzira watsopano safunika kuloweza maina a zidutswazo, amangolumikiza za mtundu umodzi. Akatswiri oteteza anthu ku cheza amalimbikitsanso kuti kamwa la chubu likhale la ngodya zinayi, lolingana ndi kukula kwa filimu, m'malo mwa lozungulira, chifukwa limachepetsa kwambiri mnofu umene ukulandira cheza. Komabe ndapeza kangapo kachipangizo kochepetsera kamwa kameneka katachotsedwa n'kuponyedwa m'kabati. Ukaphonya pang'ono pokha, mbali ina ya chithunzi imatuluka yopanda kanthu, ndipo ogwira ntchito amatopa n'kubwerezabwereza. Sindiwaimba mlandu kwenikweni, chifukwa kachipangizoko kanayenera kupangidwa moti kazilumikizana ndi mphete pakokha, osati kudalira dzanja la munthu amene waima kuyambira m'mawa.

Mu 1987 makina otchedwa RadioVisioGraphy, amene anayambitsa Francis Mouyen wa ku Toulouse, anabweretsa sensa yotumiza chithunzi pasikirini m'masekondi ochepa. Phindu lake ndi lalikulu ndipo sindikulichepetsa, chifukwa chipinda chamdima, mankhwala otsukira filimu ndi kudikira zonse zinatha, ndipo cheza chofunika pa chithunzi chimodzi chinachepa. Koma zimene filimu inkachita bwino m'kamwa zinatayika panjira. Sensa ndi yolimba gwa, ndi yokhuthala kangapo kuposa filimu, ili ndi chingwe, ndipo mbali imene imajambuladi ndi yocheperapo kuposa chikuto chake, moti wojambula akhoza kuona ngati waphimba dzino lonse pamene nsonga ya muzu yagwera m'mphepete mosajambula. N'zimene zinandichitikira ine. Palinso vuto lina lobisika, loti popeza kubwereza kumangofuna kudina batani, anthu amabwereza mosavuta, ndipo cheza chimene chinapulumutsidwa pa chithunzi choyamba chimabwerera pa chachiwiri ndi chachitatu. Opanga ena anazindikira n'kuyamba kudula ngodya za sensa kapena kuzizunguliza, ena anapanga timapepala ta phosphor topyapyala ngati filimu, timene timawerengedwa ndi makina apadera ngakhale timakandika msanga. Sensa zambiri zimene zimandifikira zitafa zimakhala zitaduka pamene chingwe chimalowera m'chikuto, pomwe wodwala amaluma ndi pomwe wothandizira amakoka pochotsa kathumba. Ndikaona sensa imene chingwe chake chimamasulidwa n'kusinthidwa chokha, ndimadziwa kuti woipanga anakhalapo m'chipinda chojambulira n'kuona mmene zimathera.

Dokotala akangogwira m'kamwa, magulovesi ake amakhala ndi malovu, mwinanso magazi, ndipo chilichonse chimene angakhudze pambuyo pake chiyenera kupukutidwa ndi mankhwala kapena kuphedwa tizilombo ndi kutentha. Zitsulo zimalowa mu autoclave, makina ophera tizilombo ndi nthunzi ya madigiri 134, koma sensa ndi kamera sizingapirire kutentha kotero, n'chifukwa chake zimavala timatumba. Pulogalamu ya pakompyuta imene imafunsa mafunso atatu isanalole kujambula imasiya munthu pakati pa zinthu ziwiri, kuvula magulovesi mobwerezabwereza kapena kugwira kiyibodi ndi manja odetsedwa, ndipo odwala akachuluka pabenchi tonse tikudziwa chimene chimachitika. Chopondera ndi phazi kapena batani limodzi pa chogwirira zimathetsa zambiri. Komatu batani lenilenilo lili ndi nkhani yake. Makamera a m'kamwa, amene anayamba kudziwika mu 1987 Fuji itatulutsa DentaCam, amajambula ali pafupi kwambiri ndi dzino, moti batani lolimba limagwedeza nsonga ya kamera pa nthawi yeniyeni yojambula, chithunzi n'kutuluka chachimbuuzi. Pojambula mano am'mwamba kamera imatembenuzidwa, ndiye batani limene linali pansi pa chala chamkombaphala limapezeka kunsi, kumene kulibe chala choti chilidine. Timizere ndi timipata timene ena amaika pa chikuto kuti chipangizo chikongole ndi mmene mumabisala litsiro limene kansalu kopukutira sikafikamo.

Pasikirini palinso misampha yake, ndipo woopsa kwambiri ndi wa manambala a mano. Mayiko ambiri amatsatira njira ya FDI, bungwe la madokotala a mano padziko lonse, yolembedwa mu muyezo wa ISO 3950, imene imapatsa dzino lililonse manambala awiri, yoyamba yosonyeza chigawo cha m'kamwa ndi yachiwiri yosonyeza malo a dzinolo. Ku United States amangowerenga kuyambira 1 mpaka 32. Dzino langa lija ndi 36 m'njira yoyamba ndi 19 m'njira yachiwiri. Nambala 16 m'njira ya FDI ndi dzino lalikulu loyamba lakumbuyo, lam'mwamba kumanja, pamene ku United States 16 ndi dzino lomalizira lam'mwamba kumanzere. Pulogalamu yongolemba nambala popanda kuonetsa kachithunzi ka nsagwada, dzino losankhidwalo litapakidwa mtundu, ikuika msampha kwa aliyense amene anaphunzira njira inayo. Chimodzimodzinso dzina la wodwala liyenera kuonekera nthawi zonse m'zilembo zazikulu, chifukwa kusunga chithunzi m'faelo ya munthu amene watuluka kumene ndi kulakwitsa kofala, ndipo sikudziulula kokha monga mmene kamtovu kaja kankachitira.

Masikana a m'kamwa, amene akulowa m'malo mwa phala lija lodinda chikombole cha mano, ndi chitsanzo cha chipangizo chimene chinafala pokhapokha chitaleka kuvutitsa ochigwira. Werner Mörmann ndi Marco Brandestini anathandiza wodwala woyamba ndi makina a mtundu umenewu otchedwa CEREC ku Zurich mu 1985, koma kwa zaka zambiri dzino linkafunika kupoperedwa kaye ufa woyera kuti lisanyezimire. Ufawo ukachuluka unkasokoneza muyezo, ndipo lilime kapena malovu zikaukhudza ankayambiranso. Masikana osafuna ufa, monga iTero, TRIOS ya 3Shape ya mu 2011 ndi CEREC Omnicam ya mu 2012, anachotsa ntchito yonseyo. Zina zimene zinasintha n'zazing'ono koma n'zimene munthu amazimva m'dzanja, monga nsonga yofunditsidwa kuti galasi lisachite nthunzi, nsonga yochotseka yolowa mu autoclave, ndi kamawu kamene kamalira sikana ikamajambula bwino n'kusiya ikasochera, kuti maso a dokotala asamangodumpha pakati pa m'kamwa ndi sikirini. Kulemera nakonso n'kofunika, makamaka mbali imene kwatsamira, chifukwa sikana yolemera kumchira imakoka dzanja tsiku lonse ngakhale pasikelo ioneke yopepuka.

Nkhama ndi zimene zatsalira m'mbuyo pa ulendo wonsewu. X-ray imaonetsa fupa logwira dzino osati mnofu, ndipo fupa likamaoneka kuti lachepa, matenda amakhala atapita kale patali. Sikana imajambula pamwamba pa nkhama, koma siiona m'kampata ka pakati pa nkhama ndi dzino mmene matenda amayambira, ndipo magazi ochepa chabe amaisokoneza. Mpaka lero chida chodalirika ndi kachitsulo kopyapyala kokhala ndi zizindikiro za mamilimita, kamene dokotala amalowetsa m'kampatako mofatsa. Nkhama zikakhala zabwino kamalowa mamilimita 1 mpaka 3. Kachitsulo ka World Health Organization kali ndi kampira ka theka la milimita kunsonga kuti kasabaye, ndi lamba wakuda woyambira pa mamilimita 3.5 kulekezera pa 5.5. Lamba akaonekera yense kampata n'kosaya, akamira mbali ina matenda alipo, akamira yense ndiye kuti zafika poipa, ndipo diso silifunika kuwerenga nambala iliyonse m'malo amdima ndi amagazi. Ndimaona kuti kachitsulo kameneka kanaganiziridwa mozama kuposa makina ambiri okhala ndi masikirini. Vuto lake n'lakuti kuyeza m'kamwa monse kumafuna malo asanu ndi limodzi pa dzino lililonse, kutanthauza manambala 168 kwa munthu wa mano 28, wina akutchula wina akulemba, wodwala akumva kuwawa. Lipoti la World Health Organization la 2022 linasonyeza kuti anthu pafupifupi 3.5 biliyoni ali ndi matenda a m'kamwa, ndipo pafupifupi 1 biliyoni ali ndi matenda aakulu a nkhama, choncho njira yotopetsa chonchi imachititsa kuti ambiri asayezedwe n'komwe. Ofufuza akuyesa timakina ta ultrasound ndi njira zina za kuwala zoonera mkati mwa nkhama, ndipo mayeso enieni a timakinato adzakhala ngati tingafike kuseri kwa dzino lomalizira m'kamwa mwa munthu wochita mantha.

Pa nkhama pomwepo pali nkhani ya mtundu. Dokotala amazindikira kutupa poona kufiira, ndipo kamera imene nyali yake imasintha mitundu ikhoza kufiiritsa nkhama zabwino kapena kubisa zodwala. Anthu ambiri, makamaka a khungu lakuda, nkhama zawo zimakhala zoderapo kapena zamawangamawanga mwachibadwa, ndipo zimenezi si matenda. Masiku ano mapulogalamu akuphunzitsidwa kuzindikira matenda poona zithunzi zambirimbiri, ndiye ngati zithunzi zophunzitsirazo zinali za nkhama zotuwira zokhazokha, pulogalamuyo idzanamiza anthu ochuluka kwambiri molimba mtima, ndipo wantchito amene wauzidwa kuti aidalire sadzakhala ndi chifukwa choikayikira.

Makina aakulu ojambula nsagwada zonse pakamodzi, amene anachokera ku ntchito ya Yrjö Paatero wa ku Finland m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, mavuto awo ambiri amachokera pa kaimidwe ka wodwala, n'chifukwa chake ali ndi kachitsulo kapena kapulasitiki koluma, potsamira chibwano, ndi mizere ya kuwala yolunjikira nkhope. Abwino ndi amene wodwala amayang'anizana ndi wojambula m'malo moyang'ana khoma, ndi amene amatsika mpaka kufikira munthu wa panjinga ya olumala. Pa makina a CBCT, ojambula nsagwada kuchokera mbali zonse n'kuonetsa chithunzi cha 3D, amene anayamba kudziwika ndi NewTom ya ku Verona cha m'ma 1998, chinthu choyamba chimene ndimayang'ana ndi zimene makinawo amasankha okha akangoyatsidwa. Munthu wofulumira sasintha zimene wazipeza, choncho ngati makina amayambira pa dera lalikulu ndi mphamvu ya munthu wamkulu, ana ambiri adzalandira cheza choposa chimene chinkafunika.

Muyezo wa IEC 62366-1, umene unatuluka mu 2015, umafuna kuti opanga zipangizo zachipatala aziyesa zipangizo zawo ndi anthu enieni amene adzazigwiritse ntchito, m'malo ofanana ndi a ntchito yeniyeni. Chimene ndimaukondera n'chakuti umapewa kuloza chala munthu. Umangonena kuti kulakwika kwachitika pogwiritsa ntchito chipangizo, ndipo umafunsa chimene chili pa chipangizocho chimene chinatsegula njira ya kulakwikako. Ine ndinatengerapo phunziro pa mafomu anga. Masiku ano ndikamaliza kuyeza magetsi ndi cheza, ndimavala magulovesi, n'kuyesa kuchita ntchito yonse kuyambira posankha dzina la wodwala mpaka posunga chithunzi, ndikuwerenga kuti ndagwira zinthu zingati zimene sizinavale kathumba.

Patapita miyezi iwiri chindijambulireni dzino lija, ndinaitanidwanso kuchipinda chomwe chija kuti ndikakonze mkono wa chubu umene unkatsika wokha. Pofunafuna buku la makinawo m'kabati, ndinapeza bokosi lafumbi, ndipo mkati mwake munali sensa ya saizi 1, yocheperapo, imene ikanakwana bwino pansi pa lilime langa tsiku lija. Ndinafunsa mayi wothandizira uja chifukwa chimene saigwiritsira ntchito. "Bambo, kuti tisinthe sensa tiyenera kutseka pulogalamu, kugwada kuseri kwa kompyuta, kuzula chingwe, kulumikiza chinacho, n'kutsegulanso pulogalamu, wodwala ali chiyasamire kutidikira. Ndiye timangolimbikira ndi yaikuluyo." Ndinatenga kabokosi kolumikizira zingwe zingapo za USB, n'kukamangirira pambali pa tebulo pamene dzanja limafika munthu ataima, ndipo nditawerenga buku la pulogalamuyo ndinapeza pamene imalola sensa ziwiri kukhala zolumikizidwa nthawi imodzi, pobisika pansi pa mitu inayi. Ntchito yonseyo inatenga mphindi zosakwana makumi awiri. Ndikulongedza zitsulo, munalowa agogo aakazi atagwira tsaya, ndipo ndinamva mayi uja akung'amba kathumba kakang'ono, n'kunena kuti, "Agogo, yasamulani pang'ono chabe, akaka sikapweteka kwambiri."